Mphindi Imodzi ya a Olegi

Ndikukumbukira kachipinda kosinthiramo zovala kuseri kwa bwalo la mpira ku Edmonton, kuno kwa azungu kumene ndinakulira. Kankanunkha matope, masokosi onyowa ndi mafuta opaka m'miyendo aja oluma m'mphuno. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo mtima wapachalawu ndinali nawo kale.

Kochi wathu anali a Olegi, munthu wa ku Russia, wamtali, wotsimphina mwendo wamanzere. Kwawo ankasewera kumbuyo m'timu yaikulu. Atabwera ndi timuyo kumayiko akuno anatsalira, osabwereranso. Mkati mwa sabata ankakonza mabasi ku galaji, Loweruka ankaphunzitsa ife. Mpira ankaudziwa, zimenezo sindingawanamizire. Koma anali ndi lamulo limodzi lomwe linkandinyansa. Tisananyamuke kukasewera kwina, aliyense ankayenera kukhala pansi, chikwama pamiyendo, kukhala chete mphindi imodzi. Silinali pemphero. Ikatha, ankadzimenya pamaondo n'kunena kuti tiyeni.

Tsiku lina tinachedwa, mvula ikuwaza, ndipo masewero ake anali otilowetsa mufainolo. Anzanga onse anakhala. Ine ndinaima pakhomo n'kumamenyetsa mpira kukhoma. A Olegi anati, "Dalitso, khala." Ndinawayankha kuti ngati akufuna miyambo ya kwawo, abwerere kwawo. Awa anali mawu omwewo amene ana achizungu ankandikuwiza nawo pabwalo sabata iliyonse, ndipo ndinkadziwa bwino mmene amapwetekera. Sanakalipe. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa jezi, minibasi inandisiya. Anzangawo anakapambana popanda ine.

Kunyumba ndinauza bambo theka la nkhaniyo, lakuti Mrasha wandichotsa m'timu chifukwa chokana kukhala pansi. Bambo anali mphunzitsi ku Zomba asanathawe boma la nthawi imeneyo, ndipo kuno ankasankha makalata ku positi. Mpira sankaukonda, koma zoponderezana ankadana nazo kwambiri. Lolemba madzulo anavala suti yawo ya kutchalitchi, tinakwera basi mpaka ku galaji. Mumtima ndinkati lero Mrasha aona.

Tinawapeza akupukuta girizi m'manja. Bambo anafunsa mwaulemu kuti lamuloli ndi lachiyani. A Olegi anayankha m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti kwawo munthu sanyamuka ulendo asanakhale pansi ndi a m'nyumba mwake. "Tsiku lomwe ndinkachoka, ine ndinkadziwa kuti sindibwerera. Mayi anga sankadziwa. Anati tikhale. Ndinawauza kuti galimoto ikundidikira. Ndinkaopa kuti ndikakhala, sindidzukanso." Za imfa ya mayi awowo anadzamva pa kalata yomwe inafika maliro atapita kale.

Kenako bambo anati, "Ine ndinauza amayi anga kuti ndikupita ku Limbe kukagula tayala la njinga." Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Kunyumba kwathu nkhani ya kuchoka ku Malawi sinkakambidwa. Ndinangoona bambo akukhala pa benchi yamafuta imene inali pamenepo, ndi suti yawo yomweyo, osayalapo ngakhale nyuzipepala. A Olegi anakhala pambali pawo.

"Khala pansi, iwe," anatero bambo m'Chichewa.

Ndinakhala. Injini ina inkalira kumapeto kwa galaji, mvula ikugogoda pamalata. Ndinkadikira kuti a Olegi aulule mawu ndinawanena aja. Sanawaulule tsiku limenelo, ndipo bambo anamwalira osawadziwa.

Fainolo sindinasewere. A Olegi anati lamulo ndi lamulo, ndipo ndinaonerera nditaima kuseri kwa chingwe, mano ali gwa ndi mkwiyo. Jezi anandibwezera chaka chotsatira. Pambuyo pake anatengedwa kukayendetsa kalabu ina yaing'ono ya akuluakulu, ndipo anakhalako mpaka bondo linawakaniza. Ndinamva kuti kumenekonso madoda andevu ankakhala pansi chete asanakwere basi. Zinthu zitasintha kwawo, anapita kukaona manda a mayi awo. Bambonso anadzapita ku Zomba, n'kukapeza zomwezo.

Masiku ano ulendo sulemeranso. Ana anga amagula tikiti ya ku Lilongwe pafoni, ndipo akatera amandiimbira ndikuwaona nkhope. Palibe amene amachoka mozemba. Komabe m'nyumba mwanga muno ku Ilford, kufupi ndi ku Edmonton konko, munthu satuluka ndi sutikesi asanakhale pansi. Amadandaula m'Chingerezi kuti takisi ikudikira panja, ine n'kuwakalipira mpaka onse atakhala. Ndiye kwa mphindi imodzi, ngakhale ine ndimatseka pakamwa.