Tahini ndi Ana Anga Okana Kudya

Namwino atamuyeza mwana wanga wamwamuna, yemwe anali ndi zaka zitatu, anandiuza kuti magazi ake ndi ochepa. Sindinadabwe. Mwanayu ankangofuna tchipisi, ndipo mlongo wake wa zaka zisanu ndiye ankamuphunzitsa kukana zakudya. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Sheffield, ku Mangalande, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba.

Kuntchitoko ndinali ndi mnzanga wochokera ku Siriya. Nditamudandaulira, anandiuza za chakudya chakwawo chosanjikiza, chomwe anati chimawonjezera magazi. Pansi umayala buledi wopyapyala wowotcha mpaka aume, pamwamba pake tchana chophika, kenako yogati wosakaniza ndi adyo, mandimu ndi tahini. Tahiniyo ndi chiponde basi, koma cha chitowe.

"Koma adye pompo," anandichenjeza. "Buledi akafewa, watha ntchito."

Lachisanu ndikuweruka ndinatsika basi kukagula tahini kushopu ya Aluya, tchana nʼkunyika m'madzi. Loweruka amuna anga anapita ndi ana kupaki kuti ndiphike bwino. Nditangofinyira ndimu mu tahini, zonse zinagwirana gwa, ngati dongo loumbira mbiya. Ndinamuimbira mnzanga uja.

"Zawonongekatu kuno!"

"Ayi, thira madzi pang'onopang'ono. Uzitakasa, usasiye."

Ndinatakasa mpaka mkono unawawa, ndipo zinasalaladi. Ndiyeno ndinaimbira amuna anga kuwafunsa kuti ali pati.

"Tikukwera chitunda, tafika kale," anatero.

Ndinawakhulupirira. Ndinayala buledi, tchana, yogati, pamwamba nʼkuwaza mtedza wosinja. Zinkaoneka bwino moti ndinajambula. Kenako ndinaima pazenera. Anthuwo anali asananyamuke nʼkomwe kupaki kuja. Mmene ankalowa, nsapato zili matope okhaokha, buledi anali atasanduka phala.

Mtsikana uja anasuzumira m'mbale nʼkukwinya mphuno. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Anati sangadye chifukwa zakudyazo zakhudzana.

"Nʼzofunika kukhudzana, mwana iwe! Talawa kaye."

Anatola katchana kamodzi, anakwera pampando, nʼkukakatsuka pampope. Atakatafuna anati kakumveka ngati mchenga. Mlongo wake, yemwe ndinkamuphikira zonsezi, anangomva mawu amenewo nʼkutseka pakamwa ndi manja onse awiri.

Amuna anga analawa supuni imodzi.

"Nʼzokoma ndithu," anatero. "Nanga chakudya chenicheni chikubwera?"

 Ndinanyamula mbale ija kupita nayo kukhitchini, nʼkudya chiimire, misozi ili m'maso. Adyo ndinali nditachulutsanso.

Sabata yotsatira ndinayesanso, koma chilichonse m'kambale kakekake. Mtsikana anadya buledi yekha. Mnyamata anandandalika tchana patebulo, akuti ndi magalimoto, ndipo angapo analowa m'kamwa mwangozi. Yogati wa tahini palibe anamukhudza.

Botolo linali likadali lodzaza, ndipo kutaya sindikanatha. M'mawa wina ndinatapa pang'ono nʼkutakasira m'phala lawo, mmene timachitira ndi nsinjiro. Mnyamata anamaliza mbale yake osazindikira kanthu. Ndinatembenuka kuti asandione ndikumwetulira.

Mtsikana ananunkhiza supuni, nʼkuibwezera m'mbale.

"Amayi," anatero, "mwaikamo chiyani?"

Tsiku limenelo anapita kusukulu atadya nthochi yokha.