Mlamba wa Apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa tchuthi nditalemba mayeso a Fomu 2. Mayi anga aang'ono ankaperekera mandasi pa tiyirumu ya bambo Nahuwo ku Phalombe Boma, ndipo ndi iwo anandilankhulira. Mayi a pakhomopo, akazi a bambo Nahuwo, anali oyembekezera, masiku atayandikira, ndiye ankafuna mtsikana wotsuka makapu ndi kutunga madzi. Mayi aang'ono anawauza kuti mwanayu salankhula, koma manja ake saswa kanthu. Bambo Nahuwo anati wotereyo ndi amene akumufuna.

Chifukwa chake ndinachiona nditalowa. Pafupi ndi kauntala panali bokosi lagalasi lotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, lodzaza madzi, muli tinsomba. Bambowo anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, ndipo mabwana awo pobwerera kwawo anawasiyira. Iwo ankalitchula kuti thanki. Akabaza akabwera kudzamwa tiyi ankawaseka kuti akuweta ndiwo zoti sizingakhutitse ngakhale mphaka.

Kusamala thankiyo kunali kotopetsa kuposa makapu. Madzi a pampopi ndinkawasiya m'ndowa kuti agone kaye. Pochotsa akale ndinkalowetsa kapaipi pansi pa timiyala, n'kuyamwa mbali inayo mpaka madzi atayamba kutsikira m'beseni, ndipo nthawi zina ankandilowa m'kamwa. Sitinkachotsa onse, pang'ono chabe. Galasi ndinkalipukuta ndi siponji yake yosakhudzapo sopo. Magetsi akazima, kapampu ka mpweya kankaima, ndiye ndinkatunga madzi ndi kapu n'kumawathira kuchokera m'mwamba mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Koma chimene bambo Nahuwo ankalimbikira kwambiri chinali choti nsomba iti ikhale ndi iti. Munali magapi, tinsomba ta michira yofiira ndi yabuluu, ndi tina tamizere timene tinkasambira m'gulu. Zonsezo zinali zofatsa, zofanana msinkhu, zodya chakudya chimodzi. Ina yokongola kuposa zonse inkakhala yokha m'botolo lalikulu chifukwa inkaluma michira ya zinzake. Dalaivala wina wa minibasi anabweretsapo kansomba kachikasu ka ku nyanja, koma bambowo anakakana pomwepo, kuti nsomba za m'miyala zimalimbirana malo. Nsomba yatsopano ankati iyambe yakhala m'beseni payokha kuti tione ngati ilibe matenda. Madzulo ndinkalemba zonsezi m'kope langa pamodzi ndi maina amene ndinapatsa tinsombato. Gapi wamkazi wamkulu, amene mimba yake inali itada chifukwa cha ana, ndinamutcha Nabanda.

Mayi a pakhomopo atapita kukadikirira ku chipatala, amayi awo anabwera kuchokera kumudzi cha ku Chilwa kuti azikawapatsira chakudya. Anali agogo ojijirika, ogulitsa nsomba zouma, olankhula Chichewa chopendekera ku Chilomwe. Kwathu mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake. Agogowo akalowa, bambo Nahuwo ankazemberera kuseri kwa khitchini, ndipo mawu onse ankadutsira mwa ine, amene ndinkachita manyazi ngakhale kupereka moni.

Agogowo anabwera ndi chitini chovindikira ndi nsalu. Anati anamva kuti mkamwini wawo amakonda nsomba zamoyo, ndiye anamusungira kamwana ka mlamba. Kanali kotalika ngati chala chapakati, kakuda, ka ndevu, kamutu kophwatalala. Ndinapita kuseri kukanena. Bambowo anagwira pachipumi nthawi yaitali, kenako anati ndikathokoze kwambiri, ndipo ndinene kuti kayambe kakhala m'beseni. Nditanena, nkhope ya agogo inasintha. Anafunsa ngati nsomba ya kwawo ndi yauve moti singasambe ndi za ku Blantyre. Ndinabwereranso kuseri. Bambowo anati ayi, sanatanthauze zimenezo. Pobwerera ndinapeza agogo atakhuthulira kale chitini m'thanki.

Masiku otsatira ndi amene anandilemetsa. M'mawa uliwonse ndikatsekula zenera ndinkapeza gulu la tamizere litachepa, mlamba uli phee pansi pa mwala, mimba ili tushu. Ndinayesa kuudyetsa nyongolotsi kuti ukhute. Ndinayesa kuika timiyala tambiri kuti tinato tizibisala. Agogo akabwera kudzaphika phala lopita nalo kuchipatala ankayamba agogoda pagalasi ndi chikhadabo, n'kumauza makasitomala kuti tsopano m'bokosimo mwalowa nsomba yeniyeni. Akabaza ankaona zimene zikuchitika, koma pamaso pa agogo ankangomwa tiyi wawo. Bambo Nahuwo tsiku lina ankati ndiwauze, mawa lake ankati ndisawauze, tidikire mayi atuluke m'chipatala adzalankhule ndi amayi awo. Ine ndinkangoyenda pakati pa khitchini ndi kauntala nditanyamula mawu osafika. M'kope langa la sabata imeneyo muli maina okhaokha odulidwa ndi mzere.

Tsiku lovutalo ndinafika m'mawa n'kupeza Nabanda atadzipanikiza kuseri kwa kapaipi ka mpweya, mchira wonse palibe. Anali akupumabe. Sindinafunse munthu. Ndinathira madzi ogona m'beseni, ndinatenga kaukonde, ndinayamba kuwola tinsomba totsala kamodzikamodzi. Ndinaganiza kuti ngati mlamba sungatuluke, atuluke eni nyumba. Tamizere timathamanga, moti ntchitoyo inanditengera nthawi. Makapu anali asanatsukidwe, madzi a tiyi asanawire.

Agogo anandipeza nditagwada pabeseni. Anayang'ana m'thanki momwe munatsala mlamba wokha, anayang'ana ine, n'kufunsa kuti ndikuzichotseranji. Ndinamva bambo Nahuwo akusiya kuwaza nkhuni kuseri. Palibe amene akanandiyankhira.

"Agogo, mlamba ukudya tinzake," ndinatero, maso ali pansi. "Wayamba tsiku lomwe munauika."

Agogo anawerama pabeseni, anaona Nabanda akugudubuzika m'madzi, ndipo anafunsa kuti poyamba tinalipo tochuluka bwanji. Ndinawasonyeza ndi manja. Anati iwo ankayesa kuti kadakali kakhanda, kadzayamba kulusa kakadzakula, ndipo pofika nthawiyo adzakhala atakapezera dziwe. Maso awo sankaona bwino tinthu tating'ono, ndipo sanadziwe kuti tikutha.

"Ndiye nonse mumaona," anatero, "ine n'kumagogoda pagalasi ngati chitsiru pamaso pa anthu?"

Anakweza mawu pang'ono kuti adutse khoma, ngakhale ankalankhula ndi ine.

"Kawauze abwana ako kuti ine ndine mlendo, sindine fisi. Akananditumizira mawu ndikanamva."

Anapinda mkono wa malaya awo, analowetsa dzanja m'thanki, anaugwira mlambawo kuseri kwa mutu mosaphonya, n'kuuponya m'chitini chake. Kenako anapita kukaphika phala la tsiku limenelo. Ndinapita kuseri kukapereka mawuwo. Bambo Nahuwo anali atawamva kale. Anangoti nditsuke makapu.

Nabanda anafa masana omwewo asanabereke. Ndinamukwirira pansi pa mtengo wa nandolo kuseri kwa khitchini, mobisa, kuopa kuti akabaza angandiseke. Totsalato tinali tochepa moti nditatibwezera m'thanki tinkaoneka ngati tasochera. Agogo anakhala nafe mpaka mwana atabadwa, koma sanayandikirenso galasilo, ndipo tiyi ankamwera panja. Chimenechi chinandipweteka kuposa nsomba. Anali atanyamula chitini chija ulendo wonse pa njinga, akusintha madzi m'njira kuti mphatso yawo ifike yamoyo.

Sukulu itatsekulidwa ndinasiya ntchitoyo nditatopa kwambiri, zala zitasweka ndi madzi. Anzanga akandifunsa za kuweta nsomba m'galasi ndimawauza zosavuta: zikhale zofanana msinkhu, zofatsa zokhazokha, ndipo yatsopano iyambe yakhala payokha. Zimenezo bambo Nahuwo ankazidziwa, inenso ndinkazidziwa, ngakhale akabaza ankazidziwa. Chimene chinasowa ndi munthu woti agwade tsiku loyamba lomwelo n'kunena. Manyazi ndikadali nawo, ndipo mawu anga amatulukabe motsika. Koma chinthu chikayamba kuonongeka ndili pomwepo, ndimanena tsiku lomwelo, munthu asanagogode pagalasi kachiwiri.