Mlonda wa Kompyuta ya a Misheck

A Misheck Zulu a ku Linda, mumzinda wa Livingstone, analondera geti la loji ina kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo atapuma ntchito, khalidwe la pageti linawatsatira kunyumba. Munthu akawapatsa moni mwansangala, ankayamba amuyang'ana m'manja. Kunena zoona anali munthu wotopetsa, koma pa nthawi yawo palojipo sipanasowe ngakhale supuni.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Juliet, namwino ku Windhoek, anawatumizira kompyuta ya patebulo kuti azionana nkhope polankhula. Anali woyembekezera, ndipo analonjeza kuti akabadwa wamkazi, dzina adzapereka ndi iwo. Apongozi ake, a Nyambe, anavomera monyinyirika. Dzinalo a Misheck anali nalo kale pamtima: Clementina, la malemu akazi awo. Koma sanauze munthu. Ankati iwo sangatche dzina mwana amene sanamuone nkhope.

Kompyuta itafika anaitana Moono, mayi wokonza makompyuta pafupi ndi msika wa Maramba. Moono atalumikiza intaneti, anawauza kuti pafunika fayawolo, ndiye kuti mlonda woona zolowa ndi zotuluka m'kompyuta. Apa a Misheck anakhala tsonga. Nkhani yafika pa ntchito yawo.

Moono anati ilipo yobwera nayo kompyuta, imagwira ntchito mwakachetechete, ndipo kwa munthu wapakhomo ndi yokwanira. A Misheck anapukusa mutu: mlonda wosamveka ndi mlonda wogona, anawaona ambiri. Moono anatchula ina yaulere. Iwo anaseka mwachipongwe, nati wolondera ulere ndiye kuti akudya ndi akuba. Anafunsanso chifukwa chimene Moono ankaikometsera chotere, kapena ali ndi mbale wake m'katimo. Moono, atatopa, anatchula yachitatu, imene imafunsa mwini nthawi iliyonse kuti ilole kapena ikane.

"Iyo ndiye mlonda," anatero a Misheck. "Afunsa bwana."

"Ba Misheck, izakulemesani," anachenjeza Moono. "Vina vamene vigogoda ni vanu vomwe."

Iwo anamva ngati akuwanyengerera, ndipo anaumirira kuti aike yomweyo.

Anagula kope, najambula mizere monga ankachitira pageti: tsiku, ola, dzina la wogogoda. Kabokosi kakatulukira pa sikirini, ankavala magalasi, kulemba dzinalo chilembo ndi chilembo, kenako n'kukana. Ankakana mosangalala ngati munthu wothyola mango. Pakutha kwa mwezi kope linafika pakati, ndipo ankalionetsa kwa anzawo a kutchalitchi ngati umboni wakuti dziko laipa. Juliet akapempha kuti ayese kuonana, ankati adikire, geti silinakhazikike.

Mwana anabadwa wamkazi. Mchombo utagwa, Loweruka lina m'mawa, Juliet anaimba pa kafoni kawo ka mabatani. Anati abale a mwamuna wake adzaza nyumba, a Nyambe abwera kuchokera ku Mongu, onse akudikira agogo a ku Livingstone. Ayatse kompyuta.

Anayatsa. Atatsegula pulogalamu yoonerana, kabokosi kanatuluka ndi dzina la zilembo zosamveka, losakhala la Juliet. Anafufuza m'kope. Dzinalo analikanapo kasanu ndi kawiri. Tsono lero alilole chifukwa chiyani? Anaimbira Moono, amene anangoti alole, ndi pulogalamu yomweyo. Kufulumira kwa yankholo kunawakayikitsa kwambiri. Anakumbukiranso zimene anamva pa wailesi, zoti masiku ano akuba amatha kutengera mawu a mwana wako.

Juliet ataimbanso, anamufunsa dzina la galu amene anali naye ali mwana. Anayankha. Anamufunsa mtundu wa diresi limene amayi ake anaikidwa nalo.

"Atate," anatero Juliet, "ni ine. Tsegulani chabe."

Foni inaduka. A Misheck anakhala pampando, dzanja pa mausi. Mtima unkawauza kuti ndi mwana wawo, ndipo funso lija linawachititsa manyazi. Koma zaka makumi awiri ndi zinayi zinkawauza kuti wakuba amabwera ndi misozi. Anawerenganso dzinalo. Anapita kukamwa madzi. Anayang'ana kuseri kwa kompyuta ngati kungabisale munthu. Dzuwa litafika pamutu, analola.

Sikirini inawala. M'chipindamo amayi ankaimba m'Chilozi, mbale zili mbwee patebulo. Juliet anayandikira, maso ali ofiira, nakweza khandalo. Chibwano chake chinali cha Clementina, osachita kufunsa, ndipo a Misheck anatsegula pakamwa kuti atchule dzinalo.

"Tinayembekeza maola atatu, atate," anatero Juliet. "Ba Nyambe bapasa kale zina. Ni Maimbolwa."

A Misheck anavula magalasi, napukuta m'maso ndi malaya. Anthu onse kumeneko ankadikira kuti agogo amulonjere mdzukulu. Lilime linawakana kawiri. Kachitatu analitchula bwino dzina la mwanayo, ndipo a Nyambe anawaombera m'manja.