Matayala Anga Akhoza Katatu, Ine Mwini Ndalephera

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga musanaumve kwa adani. Ine ndi imvi zangazi ndinkakhulupirira kuti makina alibe mlamu. Ndinkati munthu amakondera, koma chitsulo chikanena kuti galimoto ili bwino ndiye kuti ili bwino, ngakhale mwini wake akhale wa ku Ntengo-Wambalame wonunkha manyowa. Sekani, mpata ndakupatsani.

Pikapu yanga mumaidziwa, yoyera ija. Ndinaigula yakale kale, patapita zaka titabwerako kothawa nkhondo ku Malawi. Ndi nkhalamba, sindikana. Chitseko cha kumanzere chimatseguka ukayamba wachipepesa. Koma mabuleki amagwira, nyali zimayaka, ndipo sinandigonekepo kutchire.

Chaka chino kachewere wandibalira. Matumba makumi anayi ali pakhonde, wogula wanena Loweruka pamsika wa Tsangano, akandisowa atenga kwa wina. Vuto n'lakuti kapepala ka inshipesawu, kaja amamata pagalasi galimoto ikayezedwa, kanatha. Popanda iko, apolisi a pamsewu akutsitsa ndi katundu yemwe, kachewere n'kumawolera padzuwa iwe ukupempha.

Tsono mvetsani za kwathu. Mapikapu a mtundu uwu alipo anayi m'dera muno, onse agogo. Matayala abwino alipo anayi okha, angawa. Ndinagula atsopano mvula itangotha, ndimawasunga kuchipinda ngati suti ya ukwati. Wopita kukayezetsa amabwereka, akabwerako amabweza. A Fabiyawu anapita nawo, anakhoza. A Lukasi anakhoza. Ngakhale a Jeremiya, amene galimoto yawo imaima ukaiponyera mwala kutsogolo, anabwera akuimba huta, kapepala kali pagalasi. Mkati mwa tayala lililonse ndinalembamo Z ndi penti kuti asandisinthire. Zilembo ndimadziwa zochepa, koma changacho sindiphonya.

Lachinayi inakwana nthawi ya mwini wake. Ndinatsuka galimoto mpaka kunsi, ndinaiveka matayala ake, tambala woyamba ndinali pamsewu wa kutauni.

Seti ora, 7 koloko m'mawa, ndili pachipata cha malo oyezerawo, wachitatu pamzere. Oyitu ora, patatha ola, anatsegula. Novi ora, patatha ola lina, mtsikana wa pawindo, maso ali pafoni, anati sistema ya kompyuta yagwa. Ndinamufunsa kuti yagwera pati, tikaidzutse tilipo amuna ambiri. Sanaseke. Onzi ora, 11 koloko, sistema inadzuka yokha, ndinalipira, risiti ndinaika m'chipewa. Kenako ndinayamba kuonerera. Magalimoto onyezimira obwera pambuyo panga ankangolowa ndi kutuluka, eni ake osatsika n'komwe, galasi lokha kutsika pang'ono, dzanja kutuluka. Ife a fumbi tili chilili. Meyu diya, dzuwa lili paliwombo, onse anapita kukadya. Ine ndinadya malovu.

Katorzi ora, 2 koloko masana, ndiye anandikumbukira. Woyezayo ndi bambo wa mimba yotsogola, ovololo yake yoyera kuposa jekete yanga ya kutchalitchi, kamtengo kotokosera m'mano kali pakamwa. Anazungulira pikapu yanga ngati akuyang'ana galu wakufa.

"Madala, iyi inabwera ndi Apwitikizi?"

"Apwitikizi anapita, shefi. Iyi ikadali pantchito."

Anatokosa dzino, n'kuyang'ana kumwamba. "Kwatentha lero. Kummero kwauma gwa."

Ndinamva. Sindine gonthi, ndipo chinenero chimenecho ndinachiphunzira ndisanaphunzire kulemba. Koma ndinali nditalipira pawindo, galimoto ili bwino, makina ali pomwepo. Ndinamulozera mpopi wa madzi uli pakona.

Anaikweza pazitsulo zozungulira zoyezera mabuleki. Mabuleki, nyali ya makina inayaka yobiriwira. Nyali za kutsogolo, bwino. Utsi, bwino. Mtima wanga unayamba kale kukweza matumba. Pamenepo bamboyo anapita kutayala lakumbuyo, sanawerame, sanatenge choyezera chilichonse. Analimenya ndi nsonga ya nsapato kamodzi.

"Matayala atha. Reporovadu, mwalephera. Mubwerenso mutasintha."

Atha? Tindevu ta labala ta kufakitale tikadali m'mbalimu! Mizere yake chala changa chimalowamo mpaka kuchikhadabo! Kodi boma linagula makina odulawo kuti nsapato ya munthu ndiyo izigamula? Nsapatoyo inayezedwa liti?

Apa mkwiyo unandithamangira kukamwa, mutu unatsala m'mbuyo.

"Shefi, matayala omwewa mwawakhozetsa inu nomwe katatu mwezi uno! Onani Z wanga uyu!"

Anachotsa kamtengo pakamwa. Anamwetulira koyamba tsiku limenelo, n'kutulutsa cholembera.

"Katatu? Bwerezani, madala. Pa magalimoto a ndani? Mundipatse manambala, tiwaitanitse."

Abale, ndinaona nkhope ya a Jeremiya, ya a Lukasi, ya a Fabiyawu amene mwana wawo anakwatira mdzukulu wanga. Ndinabweza mawu anga. Ndinati ukalamba, shefi, nthawi zina ndimalota masana. Anandisisita paphewa ngati mwana, n'kukuwa kuti wotsatira.

Ndiye ndikufunsa inu akuluakulu a malo amenewo, ngati mumawerenga za ife osauka. Mumayeza galimoto kapena mumayeza thumba? Ya a Jeremiya ikadzatsetsereka paphiri ndi anthu kumbuyo, kapepala kanu kadzagwira mabuleki? Kubwerekana matayala n'kulakwa, ndavomera, munditukwane. Koma ife timanamiza kuti ana adye. Inu mumanamiza muli pamalipiro, mutavala ovololo ya boma, mukutokosa m'mano. Zimandinyansa.

Ndipo inu a Tsangano ndi a Furancungo amene mumandifunsa ngati mapikapu akalewa amakhoza: amakhoza bwino kwambiri. Opanda mabuleki amakhoza, a utsi wothamangitsa udzudzu amakhoza. Amalephera ndi a munthu woloza mpopi.

Ndinafika kunyumba kutada, matumba ali pakhonde kundiyang'ana. Ndinafotokozera aNaBanda, akazi anga, zonse, ndikuyembekeza kuti anditcha munthu wolungama. Anamvetsera mpaka kumapeto akusenda nyemba. Kenako anati:

"Bambo a Rozita, mwamaliza ulaliki? Mawa mulawire ndi jeke. Mukavule matayala anuwo, mukaveke ya a Jeremiya. Pepala ali nalo ndi iwo, matayala muli nawo ndi inu. Kachewere wanga afike Loweruka. Ndipo inu mukhale kumbuyo pamatumba, mwala uli m'manja."