Peni ya ku Katete

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la mkuwa, lija limatsalira m'manja ukafumbata ndalama zachitsulo nthawi yaitali, litasakanikirana ndi utsi wa mbaula umene unkalowera pawindo la nyumba yathu ku Kabwata. Masana, maminibasi akuliza mahutala kumsewu, iwo ankayala thaulo patebulo n'kutsegula timabokosi ta machesi momwe ankasungamo ndalama zakale.

Ankazigwira m'mphepete, mwaulemu ngati mkate wa kutchalitchi: mapeni obooka pakati okhala ndi njovu ziwiri, ena ang'onoang'ono a nyamalikiti, ndi mangwee a chiwombankhanga. Pozisiyanitsa ankayang'ana khutu la njovu. Mizere ikamaonekabe ankati, "Iyi ikali mtsikana." Ikakhala yofufutika, "Iyi yayenda misika." Kupukuta ndiye ankadana nako. "Kuda uku ndiye khungu lake, mdzukulu wanga. Munthu samusenda khungu."

Peni imodzi ya njovu inkagona yokha m'kabokosi kake. Amayi awo anawamangirira m'khosi ndi chingwe tsiku limene ankachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo sanaonanenso.

Maso awo atachita ng'ala, anakagonekedwa kuchipatala. Azakhali anga Esinati anabwera kuchokera ku Chelstone kudzakonza nyumba kuti wodwala afikire poyera. Mayi ameneyu akanatha kukwecha ngakhale nkhuku ikanangoima chilili. Pochoka kusukulu ndinapeza ndalama zonse zitayanikidwa m'lichero, atazitsuka ndi phulusa ndi mandimu, zikuwala mbee. Timabokosi tija anali atakolezera mbaula. Mapeni a njovu analipo ambirimbiri, ndipo tsopano onse anali nkhope imodzi.

Agogo anafika diso limodzi lili m'bandeji, linalo likungoona chifunga.

"Atate, onani mwamene ziwalila!" anatero azakhali. "Zenze na doti maningi, nasuka zonse."

Agogo ananunkhiza m'lichero. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu, "Nanga ya amama ili kuti?" Azakhali anagwira pakamwa, n'kukhala pansi osakoka mpando.

Kenako agogo anaika lichero pamiyendo. Ankatola peni, n'kuzunguliza nsonga ya chala chaching'ono pabowo, n'kuiika pambali. Ina, chimodzimodzi. Ndinkamva madzi akudontha pampopi panja. Mulu wa pambali unkakula, m'lichero mukutha, ndipo ine ndinayamba kulira. Mwadzidzidzi chala chija chinaima.

"Ndi iyi."

Ndinaiyang'anitsitsa padzuwa. Bowo lake silinali lozungulira bwino ngati la zinzake: mbali imodzi linali litadyeka pang'ono, pomwe chingwe chinkakhula zaka zonse zimene anaivala. Ndinkaona ngati agogo aitana amayi awo pakati pa khamu, iwo n'kuvomera.

"Esinati, nyamuka," anatero. "Wachotsa khungu, koma pamene anamanga amama sunafikepo."

Peniyo ili ndi ine lero ku Woodlands, m'kabokosi ka machesi. Yayambanso kuda pang'onopang'ono, ndipo aliyense m'nyumba muno amadziwa kuti woikhudza ndi mandimu adzaona mkwiyo wanga. Ndikawasowa agogo sindiiyang'ana. Ndimatsinzina, n'kuzunguliza chala pabowo mpaka chitaima.