Mabatani Awiri Amene Tiwale Anawadziwa Mochedwa

Tsiku limene anamudula chilonda cha pakhosi, Tiwale anatuluka m'chipatala n'kukakhala pansi pa mtengo, misozi ili chuchuchu.

"Mukapitiriza kukhala padzuwa, chibweranso," adokotala anali atamuuza choncho.

Koma ntchito yake inali ya padzuwa pomwepo. Ankayenda ndi beseni la nthochi pamutu kuchokera ku Mgona mpaka ku Area 25.

Tiwale anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo maso ake saona bwino zinthu zing'onozing'ono. Atamaliza Folomu 4, achimwene ake a Leston anamulembetsa kusukulu ya makompyuta kuti adzapeze ntchito ya pamthunzi. Kumeneko n'kumene zinthu zinapotoka.

Mukudziwa mmene timayankhira m'kalasi kwathu kuno. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Nonse mukuona?" kalasi yonse imati "Eee!" ngakhale amene akusinza. Tiwale nayenso ankangoti eee, chonsecho pa sikirini ankangoona tinyerere, kamuvi ka mausi n'kumamusowa. Akayandikiza nkhope, anzake ankaseka kuti akununkhiza kompyuta.

Manyazi anamukulira, ndipo anasiya sukulu. Kunyumba anakanena kuti mutu wake sugwira za makompyuta, onse n'kukhulupirira. Zimandiwawa kuti sipanapezeke ndi mmodzi yemwe womufunsa kawiri.

Zaka zinadutsa ali pamsewu, dzuwa likumudya khungu pang'onopang'ono.

Atachoka kuchipatala kuja anabwereranso ku beseni, poti kunyumba kunafunika chakudya. Masana ena m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika pamutu, anakabisala pakhonde la shopu yosindikiza mapepala ya Mayi Hafsah. Atasuzumira mkati anadabwa. Anatha kuwerenga mawu a pa kompyuta ali chiimire pakhomo.

"Amayi, kompyuta yanuyi ndi yapadera? Zilembo zake bwanji zikuluzikulu chonchi?"

"Yapadera chani, mwanangu? Magalasi ndaiwala kunyumba. Ukatsegula tsamba la pa intaneti, umangopanikiza batani la Ctrl n'kudina la +. Ukafuna zichepe, Ctrl ndi −. Tatula beseni udzayese."

Tiwale anadina. Zilembo zinakula. Anadinanso, zinakulanso. Anawerenga chiganizo chonse atakhala chowongoka ngati munthu wina aliyense.

Mwina mukuganiza kuti anadumpha ndi chimwemwe. Ayi ndithu. Anagwira bandeji ya pakhosi n'kufunsa chapansipansi.

"Basi? Mabatani awiri okhawa?"

Kuyambira tsiku limenelo ankabwera masana alionse, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo. Mayi Hafsah ataona kuti kamuvi ka mausi kakumuzunza, anamuuza kuti akasiye. Akafuna kulemba adiresi ya tsamba, adine Ctrl ndi L. Akafuna mawu ena m'tsamba lalitali, asatopetse maso kuwasakasaka, adine Ctrl ndi F n'kuwalemba, kompyuta imulozera yokha. Tsamba limene amalifuna kawirikawiri alisunge ndi Ctrl ndi D.

Sizinali zophweka. Nthochi zina zinkapsa mpaka kuda zili pakhonde. Tsiku lina Tiwale akuthandiza kasitomala wa m'shopumo, anatseka mwangozi tsamba limene bamboyo ankawerenga.

"Mwatengeranji munthu wosaona kuti azigwira kompyuta?" bamboyo anakalipa.

Tiwale anaimirira kuti akasenze beseni lake azipita, monga anachitira kusukulu kuja. Koma anakumbukira mawu a adokotala. Anakhalanso pansi n'kudina Ctrl, Shift ndi T pamodzi, monga anaphunzitsidwira. Tsamba lija linabwerera pomwe linali.

Lero beseni lija amachapiramo zovala. Mayi Hafsah anamulemba ntchito, ndipo Loweruka amaphunzitsa amayi a mumsika ndi achinyamata kagwiritsidwe ntchito ka intaneti. Zala zake zimayenda pa kiyibodi osayang'anapo n'komwe.

Komabe chipsera cha pakhosi chilipo, ndipo amapitabe kuchipatala kukayezetsa khungu. Atawauza a Leston chifukwa chenicheni chimene anasiyira sukulu, iwo anangogwira pakamwa.

"Mlongo wanga, ukanangonena."

Mawu amenewo amamupweteka kuposa chipsera, chifukwa ndi oona.

N'chifukwa chake m'kalasi mwake Tiwale safunsa kuti, "Nonse mukuona?" Amapita kwa aliyense payekha n'kunena kuti, "Tandiwerengereni mzere woyambawo."

Inu amene mukuwerenga, mwina palinso pamene mukuyankha eee pomwe simukuona kanthu. Mwina munadziweruza kale kuti mutu wanu sugwira. Musataye mtima, komanso musadikire chipsera. Kwezani dzanja lero, munene mokweza kuti, "Ine sindikuona."