Azakhali ndi nambala yokwera

Andipempha kuti ndilembe za Azakhali m'kalata ya parishi ya mwezi uno, poti ine ndi amene ndinkakhala khomo loyang'anana nawo. Ndavomera, koma ndanena kale kuti sindikometsera.

Anali mwana woyamba wa kalipentala. Mayi awo atamwalira, anasiya sukulu kuti alere mlongo wawo wamng'ono, ndipo anaphunzira kusoka pa makina a oyandikana nawo. Mlongoyo atakula n'kukwatira, analeranso ana ake. Dzina la Azakhali linachokera kumeneko, mpaka ndi bambo mfumu omwe ankawaitana choncho. Iwo sanakwatiwe. Akafunsidwa ankaseka, amvekere amuna anabwera iwo ali otanganidwa ndi mpendero.

Kutchalitchi anali woyambitsa nyimbo. Mawu awo sanali okoma kwenikweni, tisanamizane, koma ankafika kukhomo. Akayambitsa anthu osavomera, ankakweza mawu, n'kukwezanso, mpaka ife ogona m'mbuyo tinkavomera chifukwa cha manyazi.

Ana a mlongo aja atabalalika kukafuna ntchito, Azakhali anatsala okha m'chipinda chimodzi, makina pawindo, bedi kuseri kwa nsalu. Matenda anawalowa mwakachetechete. Nkhope inayamba kutupa, tsitsi linkatsalira pachipeso, ndipo ankavala juzi dzuwa likuswa mtengo. Mawu anasasa. Choipitsitsa chinali tulo. Ankasinza pa makina, ankasinza pa kolona, tsiku lina anasinza pa Misa nyimbo ikuwadikira. Akwaya anasankha wina, osawauza n'komwe. Anangopeza pamalo pawo pali munthu, iwo n'kupita kukakhala benchi yomaliza.

Anthu ndiye anayankhula, ati azirala pachikhristu, ati anenepa ndi ulesi. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti Azakhali anakhulupirira zimenezo. Ankapita kukalapa tchimo la ulesi, n'kubwerako n'kusinzanso. Pomaliza anasiya kulandira Ukaristia. Nditawakalipira anandiyankha kuti munthu wogona Ambuye akuyankhula sayenera kutambasula manja. Madzulo ndinkaona nyali yawo ikuyaka, koma makina ali zii, ndipo pakhomopo sipankagogoda munthu.

Tsiku lina anagwa pamasitepe atanyamula ndowa, ndiye ndinawakokera kuchipatala akukana. Dokotala wachitsikana anawagwira pakhosi, n'kulamula kuti awatenge magazi. Titabwerera kukamva zotsatira, anatiuza kuti nambala ina, yotchedwa TSH, yakwera kwambiri, pomwe ina yatsika. Azakhali anagwedeza mutu, ati ngati zakwera ndiye kuti mphamvu zilimo zambiri, munthune ndine waulesi basi.

Dokotala uja anakoka mpando. Anafotokoza kuti pakhosi pali chithokomiro, chimene chimatulutsa timadzi topatsa thupi liwiro ndi kutentha, ndipo nambala yotsikayo ndi ya timadzi timeneto. Yokwerayo si ya chithokomiro ayi, ndi ya kachiwalo kena kapansi pa ubongo kamene kamachiitana kuti chigwire ntchito. Chithokomiro chikafooka, kachiwaloko kamaitana mokweza, ndipo nambala imakwera.

Azakhali anafunsa ndi mawu awo osasa aja.

"Ndiye kuti wina akuyambitsa nyimbo, anzake osavomera?"

"Eya, mayi. Ndipo wakhala akukweza mawu kwa zaka."

"Tulo tija si tchimo?"

"Ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo."

Analira pomwepo, dokotala akuona. Ine zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo misozi yawo. Panjira anangoti: "Ndimayesa Ambuye anasiya kundiitana. Kani amaitanabe." Lamulungu lotsatira anaima pamzere wa Ukaristia.

Kuyambira pamenepo ankamwa kam'bulu kamodzi m'mawa uliwonse asanadye kanthu, ndipo ankapita kukayezetsa magazi nthawi yake ikakwana. Akabwerako ankandigogodera kudzandiuza kuti woyambitsa uja watsitsako mawu, kwaya yayamba kuvomera. Nthawi ina nambala inatsika kupyola muyezo, mtima n'kumawagunda, dokotala n'kuchepetsa mankhwala. Azakhali anati kwaya yafika poimba mopitirira, woyambitsa wachita kukhala pansi.

Nkhope inaphwa, tulo tinatha, makina anayambanso kulira. Koma mawu sanabwerere onse, ndipo malo awo kukwaya palibe anawabwezera. Sanapemphe. Anakhalabe benchi yomaliza, ndipo kumeneko anapeza ntchito ina. Akaona munthu akusinza kapena wasowa milungu ingapo, ankapita kwawo, osati kukamulalikira, koma kukamufunsa ngati anayezetsako magazi. Ena ankawatsekera chitseko, ati agogowa ayamba udokotala. Mayi wina wogulitsa malasha anawamvera, anapezeka ndi vuto lomwelo, ndipo lero ali bwinobwino.

Ukalamba wawo unali wa okha. Ana a mlongo ankaimba foni mwa apo ndi apo. Maso atafooka anaphimba makina ndi nsalu, n'kumakhala pawindo ndi kolona. Mwezi watha anadwala chibayo, bambo mfumu anabwera kudzawadzoza, ndipo m'mawa mwake ndikuwapatsa madzi anandiuza kuti ndisadandaule, akaitanidwa ulendo uno sasinza. Anatsinzina dzuwa litangolowa m'chipindamo, dzanja lawo lili m'langa.

Chitsanzo chimene atisiyira sichovuta: mnzathu akafooka, tiyambe tamufunsa chimene chikumupweteka tisanamuweruze.

Pa Misa ya maliro awo tinalipo ochepa, ine, mayi wamalasha uja, mwana mmodzi wa mlongo wawo ndi akwaya owerengeka. Woyambitsa nyimbo anayamba, mabenchi ali mbee, ndipo anachita kukweza mawu, n'kukwezanso. Azakhali akanakhalapo akanatiuza tanthauzo lake. Ine ndinavomera ndi mawu anga oipawa, kuchokera benchi yomaliza.